Kanyumba, mtengo ndi mkondo: chaka chimodzi ndikusaka makobidi a Aroma a m'chaka cha 348

6 Januwale

Ndayamba chaka ndi kuwerenga zomwe zili m'thireyi. Makobidi a kanyumba alipo 14, koma mizinda yomwe anasulidwako ndi 8 yokha: Antioch, Alexandria, Cyzicus, Nicomedia, Constantinople, Heraclea, Rome ndi Trier. Enawo ndi obwereza, ogulidwa masiku aja ndisanaphunzire kudziletsa. Yatsala mizinda 5 kuti ikwane yonse 13 yomwe inasula makobidi amenewa: Siscia, Aquileia, Arles, Lyon ndi Thessalonica.

Kwa inu amene mwandipeza panjira, nkhani yake ndi iyi. M'chaka cha 348 ufumu wa Roma unali m'manja mwa munthu ndi mng'ono wake, ana a Constantine. Constans ankalamulira kumadzulo, Constantius II kum'mawa. Chaka chimenecho anasintha ndalama zamkuwa n'kutulutsa zatsopano, zonse zolembedwa mawu ofanana kuseri: FEL TEMP REPARATIO, kunena kuti nthawi zabwino zabwereranso. Mawu otere tonse tinawamvapo pamsonkhano wa ndale. Zithunzi zake zinali zingapo. Pali mfumu itaima m'ngalawa, pali msilikali akubaya wokwera hatchi amene wagwa, pali mbalame ya phoenix, pali mfumu ndi akaidi awiri. Ndiyeno pali changa ine: msilikali wagwira dzanja la kamunthu kakang'ono, akukatulutsa m'kanyumba komwe kali pansi pa mtengo.

Chimene chinandikola ndi mtengowo. Chithunzi chinalamulidwa chimodzi ufumu wonse, kuchokera ku Trier mpaka ku Alexandria, koma mzinda uliwonse unagoba mtengo wakewake. Kwina masamba ataliatali, kwina timipira tonga zipatso, kwina nthambi zotambasuka ngati zala. Ukandandalika makobidi 8 pamzere umaona ndi maso ako kuti amisiri anangouzidwa kuti ikanipo mtengo, aliyense n'kugoba womwe unali m'mutu mwake. Kanyumbako nakonso chimodzimodzi. Pa lina n'kolukidwa bwino ngati nkhokwe ya agogo anga, pa lina kangotukumuka ngati chulu.

Malamulo anga sanasinthe. Osapitirira mapaundi 25 pa khobidi limodzi, positi yomwe. Zilembo za mzinda, zomwe zimakhala kunsi kwa mzere wa pansi pa chithunzi, ziziwerengeka. Mtengo uzioneka wonse. Nkhope ya mfumu ifufutike mmene ingafufutikire, ndilibe nayo ntchito, ndipo apa m'pamene ndimapulumukira, chifukwa anzanga ambiri amagula nkhope. Khobidi la mfumu yopanda mphuno amalidutsa, ine n'kutola.

21 Januwale

Kasikelo kafika, koyeza mpaka 0.01 g. Ndayeza onse 14. Lopepukitsitsa 3.38 g, lolemetsetsa 4.91 g, ambiri ali cha pa 4 g ndi kanthu. Kukula kwake 20 mm mpaka 22 mm. Otolera makobidi amagawa zamkuwa za nthawi imeneyi potengera kukula: AE1 kupitirira 25 mm, AE2 kuyambira 21 mpaka 25, AE3 kuyambira 17 mpaka 21, AE4 kutsikira pamenepo. Kanyumba amakaika pa AE2 yaing'ono.

Kusintha kwa 348 kunabweretsa ndalama za misinkhu itatu, ndipo kanyumba kanali kapakati. Kuti munthu pamsika asasokoneze, pa msinkhu wapakatiwu mfumu inayang'anitsidwa kumanzere, itanyamula mpira wa dziko m'dzanja, pamene pa yaikulu ndi yaing'ono ikuyang'ana kumanja. Nzeru yabwino: ngakhale wosadziwa kuwerenga ankangoona komwe mutu waloza.

Kusiyana kwa kulemeraku poyamba kunandidetsa nkhawa, ndimati mwina lopepukalo ndi lachinyengo. Ayi. Ndalama zamkuwa ankaziwerengera kuti paundi imodzi ya mkuwa itulutse zingati, osati kuyeza lililonse palokha. Lina linenepe, lina liwonde, bola chiwerengero chikwane.

15 Febuluwale

Siscia yafika, mapaundi 18. Mzindawu lero ndi Sisak, ku Croatia. Zilembo BSIS zikuoneka bwino, B kusonyeza chigawo chachiwiri cha amisiri, chomwe amachitcha officina. Mizinda 9.

Mayi a kunyumba anandipeza ndikutsegula envulopu.

"Mtengo wake bwanji, abambo?"

"Masamba 7."

Sanaseke. Anangotambasula dzanja kuti ndiwapatse lisiti.

Koma nkhani ya lero ndi mkondo. Miyezi yonseyi maso anga akhala pamtengo, moti sindinaonepo kuti mkondo wa msilikali uja suloza kumodzi pa makobidi onse. Ndinazindikira nditabwereka buku la RIC (Roman Imperial Coinage, mndandanda wa makobidi a mafumu a Roma), gawo la 8, lomwe J. P. C. Kent anatulutsa mu 1981, ndipo ndi limene aliyense amatchula nambala zake pa makobidi a zaka zimenezi. Kent amasiyanitsa mkondo woloza pansi pakati pa miyendo ya msilikali, woloza m'mwamba chakumanja, ndi woloza pansi chakumanzere. Ndinathamangira ku thireyi. A kum'mawa onse omwe ndili nawo, mkondo uli pakati pa miyendo. Kusinthasintha kuli kumadzulo, komwe ndili ndi makobidi ochepa.

Chinanso chomwe ndinali ndisanalembe ndi podukira mawu. Mutu wa msilikali kapena nsonga ya mtengo imadula REPARATIO pakati, ndipo pa ena padukira REPA-RATIO, pa ena REPAR-ATIO. Ena ali ndi timadontho pakati pa mawu, ena alibe. Ena a kum'mawa ali ndi kanyenyezi, ena alibe. Ndawonjezera madanga anayi pa tebulo langa la pakompyuta: mkondo, podukira, timadontho, nyenyezi. Usiku wonse wathera pamenepo, ndipo mwa obwereza 6 aja, 4 apezeka kuti si obwereza kwenikweni. Ndinali pafupi kuwagulitsa.

9 Malichi

Ndilembe izi ndisanaziiwale dala.

Masabata awiri apitawa ndinatenga Nicomedia yachiwiri, yomwe sindinaitsukepo, n'kuiika pansi pa galasi lokuzira. Pamwamba pa denga la kanyumba, pakati pa denga ndi nthambi yam'munsi, panali chinthu. Chinali ndi mlomo wosongoka kumanzere, thupi lozungulira, ndi kamchira kotukuka. Mbalame. Mbalame itatera pa denga la kanyumba. Ndinatembenuza nyali uku ndi uku, mbalame ili pompo. Ndinajambula zithunzi 30. Masiku awiri ndinafufuza zithunzi za Nicomedia pa intaneti, mazana, palibe n'limodzi lomwe la mbalame. M'buku mulibe. Kuntchito ndinkasintha mabedi a okalamba maganizo ali pa mmisiri wina wa zaka 1,670 zapitazo amene tsiku lina anatopa n'kugoba mitengo, nati lero ndiikapo kambalame. Ndinafika poganiza dzina loti ndiutche mtundu watsopanowu.

Ndinapita nalo ku gulu lathu la otolera makobidi, lomwe limakumana kamodzi pamwezi mu holo ya tchalitchi. Kuli bambo wina wachikulire, wazaka zoposa 80, amene wakhala akugwira makobidi a Aroma kuyambira ine ndisanabadwe. Analitenga, naliyang'ana ndi kagalasi kake kopachika m'khosi. Sanathe ngakhale mphindi imodzi.

"Mwana wanga, tayang'ana m'mphepete mwa mbalame yakoyi. Ikutuluka mu mkuwa kapena yakhala pamwamba pa mkuwa?"

Ndinayang'ana. Pakati pa mbalame ndi khobidi panali kamzere kakuda, kopyapyala ngati tsitsi, kozungulira thupi lonse.

Anandifotokozera modekha. Chinthu chogobedwa pa chidindo chimakwera pang'onopang'ono kuchokera pansi, chimakhala ndi khungu lofanana ndi khobidi lonse, ndipo chimaperepeseka mofanana ndi zoyandikana nazo. Chidindo chikang'aluka, mkuwa umalowa mumng'alumo n'kutuluka chotupa cha m'mphepete mokumbikakumbika, nthawi zambiri cholumikizana ndi chilembo kapena ndi mkombero wa khobidi. Koma chokhala ndi kamzere kunsi kwake, cha mtundu wosiyana pang'ono, ndi dothi lomwe linauma n'kusanduka mwala.

Ndinabwera nalo kunyumba n'kuliviika m'madzi aja timathira m'batire ya galimoto, oti alibe mchere uliwonse. Tsiku lachisanu ndinaikhudza ndi kamtengo kotokosera m'mano. Inangoti tsomphu, yonse, mlomo ndi mchira womwe, n'kumira pansi pa kapu. Kunsi kwake kunali kosalala.

"Abambo, mbalame ija yauluka?"

Ulendo uno anaseka.

Ndatolapo lamulo, ndipo ndagawa tebulo langa patatu. Choyamba, zolamulidwa ndi akuluakulu a kosulira ndalama: zilembo za mzinda, officina, nyenyezi, zilembo za m'mbali. Chachiwiri, dzanja la mmisiri: masamba angati, nthambi zingati, kanyumba kolukidwa motani. Chachitatu, ngozi: chidindo chong'aluka, chidindo chodzaza litsiro moti chilembo chasowa, khobidi lomenyedwa kawiri, dothi. Zoyamba ziwirizo ndiye mitundu. Chachitatucho chingakome bwanji, si mtundu. Ndipo sindilembanso kalikonse ngati mtundu watsopano ndisanakaone pa makobidi awiri.

2 Epulo

Palibe chogula. Arles inatuluka pa okushoni, inathera pa mapaundi 41. Ndinaileka.

18 Meyi

Aquileia, mapaundi 23, zilembo AQS. Mizinda 10. Mkondo wake ndaulemba, podukira ndalemba. Mtengo wake ndi woonda, wangati wa m'chilimwe.

Pamodzi ndi Aquileia ndagulanso khobidi la Antioch, lachitatu la mzindawu m'thireyi, ndipo ndinaligula chifukwa cha chilembo chimodzi chokha. Kunsi kwa mzere kuli ANΘ. Chigawo cha 9. Ku Antioch ankawerenga zigawo ndi zilembo za Chigiriki, ndipo 9 ndi Θ. Koma Θ ndi chilembo choyamba cha thanatos, imfa, ndiye kwa nthawi yaitali amisiri a kumeneko ankachizemba. M'malo mwake ankalemba Δ ndi Є, 4 kuphatikiza 5. Ndili ndi khobidi la Constantine la chipata cha linga, la zaka za m'ma 320, lomwe lili ndi ΔЄ yemweyo. Pofika 348 mantha anali atatha, Θ ili poyera. Ndawagoneka moyandikana m'thireyi ngakhale kuti la chipatalo si la ntchito ino. Aliyense amene anakula akuletsedwa kuloza manda ndi chala amvetsa amisiri a ΔЄ aja.

29 Juni

Mwezi uno ndasochera, ndipo ndikuvomera.

Mnzathu wina wa kugulu amayenda ndi makina ofufuzira zitsulo m'minda, ndi chilolezo cha eni minda. Anabwera ndi kathumba ka makobidi otha ntchito, omwe kuno ku Britain amawatcha grots, otoledwa limodzilimodzi m'minda yosiyanasiyana ndipo anawalembetsa kale ku Portable Antiquities Scheme, komwe anthu amalembetsa zinthu zakale zomwe atola. Lamulo la kuno, Treasure Act ya 1996, limati makobidi amkuwa 10 kapena kuposerapo, a zaka zoposa 300, opezeka pamalo amodzi, ndi chuma choyenera kuchinena ku boma. Limodzilimodzi nthawi zambiri ayi. Anandigulitsa 12 pa mapaundi 10.

Kanyumba munalibe. Munali okwera hatchi ogwa 7, ndipo ndi amenewa andidyera mwezi.

Chithunzi cha wokwera hatchi ndicho chinatsala chokha pamene zina zonse za FEL TEMP REPARATIO zinasiyidwa, ndipo chinasulidwa mpaka cha m'ma 358, chikunka chichepa. Chinayamba cholemera kuposa 5 g, chinathera cha pa 2.5 g. Mawu akuti nthawi zabwino zabwereranso ali pompo, khobidi likufota chaka ndi chaka. Pa ena a ku Siscia ndi Aquileia analembapo LXXII, kunena kuti makobidi 72 pa paundi imodzi ya mkuwa. Otolera amagawa wogwayo panayi: wogwada, wokhala pansi pambali pa hatchi, wotembenuka n'kutambasulira dzanja kwa womubaya, ndi wogwa chafufumimba atakumbatira khosi la hatchi. Pamwamba pa izo pali ndevu kapena opanda ndevu, chipewa chosongoka, tsitsi loluka. Munthu angathere moyo wonse pamenepa, n'chifukwa chake ine ndinasankha kanyumba.

Mwa 7 aja limodzi lokha ndi la boma. Kunsi kuli PCON, ndipo ndikanapanda kuchenjezedwa ndikanalemba Constantinople. Ndi Arles. Mzindawu unatchedwa Constantina mu 328, unabwerera ku dzina lake mu 340, n'kutchedwanso Constantina mu 353. Chozindikirira n'chakuti Arles imawerenga zigawo m'Chilatini, P, S, T, pamene Constantinople imalemba CONS ndi chilembo cha Chigiriki pambuyo. Ndiye kanyumba ka Arles komwe ndikusaka kadzakhala ndi PARL kapena SARL, poti 348 ili pakati pa maina awiriwo.

Otsala 6 ndi osulidwa m'midzi, otengera. Britain inalibe kosulira kwake kuyambira pamene London inatsekedwa mu 325, ndipo Magnentius, amene analanda ufumu wakumadzulo, atagonja mu 353 ndalama zamkuwa zinasowa kuno, anthu n'kuyamba kudzisulira. Limodzi mwa amenewa ndalikonda kuposa makobidi ena odula omwe ndili nawo. Ndi la 15 mm. Msilikali ndi timitengo tiwiri topingasa, hatchi ikuoneka ngati mbuzi yodwala, zilembo ndi timizere chabe toimikidwa ngati mpanda, za munthu woti ankadziwa kuti pamenepa pamakhala zolemba koma osadziwa kuti zimati chiyani. Ukalipendeketsa ku nyali, kunsi kwa hatchi kukuoneka miyendo inayi ndi ndodo pakati. Ndi asilikali awiri a GLORIA EXERCITVS, khobidi la boma la zaka za m'ma 330. Munthuyo anatenga ndalama yakale yeniyeni n'kumenyapo chidindo chake chabodza pamwamba. Pa tebulo langa silikwana m'danga lililonse. Ndalipatsa kabowo kakekake pakona ya thireyi.

27 Julayi

Mwana wanga wamkazi, wazaka 9, anali kundithandiza kulemba timapepala. Anayang'ana Trier nthawi yaitali.

"Adadi, akumupulumutsa kapena akumugwira?"

Funso lake ndi lomwe akatswiri akhala akukangana. Kamunthuko n'kakang'ono, kofika m'chiuno mwa msilikali, ndipo ena amati ndi mwana, ena amati ndi munthu wamkulu wa mitundu ya kunja kwa malire amene wachepetsedwa dala, monga Aroma ankachitira pojambula adani. Sikomangidwa manja. Msilikali akuyenda chakumanja koma mutu watembenukira kumbuyo, kwa iko. Mu 1958 Konrad Kraft, katswiri wa ku Germany, anati zithunzi zimenezi zikunena ntchito zenizeni za mafumu awiriwa: kanyumba ndi Constans akusamutsa Afulanki, mtundu wina wa kunja kwa malire, n'kuwakhazika m'dziko la Aroma atamenyana nawo mu 341 ndi 342, ngalawa ndi ulendo wake wowoloka nyanja kudza ku Britain m'nyengo yozizira kumayambiriro kwa 343, ndipo wokwera hatchi ndi nkhondo za Constantius ndi Aperezi. Ena amagwirizanitsa zonsezi ndi chikondwerero cha zaka 1,100 za mzinda wa Rome, chomwe chinagwa mu 348 momwemo.

Ine ndili kumbali ya Kraft pa kanyumba, ngakhale kuti kusamutsidwa ndi munthu wonyamula mkondo sindingakutche kupulumutsidwa. Ndinamuuza mwanayo kuti ayang'ane dzanja pa makobidi onse. Anapeza yekha kuti pa ena msilikali wagwira chikhatho, ngati kholo powoloka msewu, pa ena wagwira pamkono ngati wapolisi. Kaya amisiri ankatanthauza kanthu, kaya ndi mmene chitsulo chogobera chinaterera, ndawonjezera danga lachisanu ndipo ndalemba kuti analipeza ndi iye.

Nthawi zabwino zija sizinakhalitse. Pa 18 Januwale 350 Magnentius anadzitcha mfumu ku Autun, Constans anathawa, anamupeza n'kumupha pafupi ndi mapiri a Pyrenees. Kanyumba kanathera chakomweko. Mitengo yonse 13 ndikusakayi inagobedwa m'zaka ziwiri zokha.

24 Ogasiti

Tinapita ku Exeter ndi banja, ndipo ndinawakokera ku Royal Albert Memorial Museum kukaona chuma cha Seaton Down: makobidi 22,888 opezeka ku Devon mu 2013, pafupifupi onse amkuwa a banja la Constantine. Omalizira ake ndi a cha m'ma 348. Mwini wake anakwirira pakhomo penipeni pa nthawi yanga. Ndinaima pagalasi mpaka ana anayamba kukoka malaya.

Pobwera ndinapeza Arles ikundidikira pamphasa ya pakhomo. SARL, mapaundi 24.50. Mizinda 11.

14 Seputembala

Ndaphwanya lamulo langa ndipo ndalangidwa.

Wogulitsa wina pa intaneti anaika kanyumba n'kulemba kuti Thessalonica. Chithunzi chinali chamdima, chojambulidwa chapatali, koma kunsi kwa mzere ndinaona chinthu chonga T ndi chinthu chonga S. Chaka chonse ndinali ndisanaonepo Thessalonica yotsika mapaundi 60. Iyi inali 38. Ndinadziuza kuti fodya ndi uyu ali pamphuno. Sindinapemphe chithunzi china, kuopa kuti wina andilanda ndikudikira yankho.

Litafika, sindinafune n'komwe galasi. ΓSIS. Chomwe ndinachiyesa T chinali Γ, gamma, chigawo chachitatu cha Siscia. Thessalonica ikanakhala TES ndi chilembo cha chigawo pambuyo. Sindikuti wogulitsayo ananama, mwina naye anaona zomwe ankafuna kuona, monga ine ndi mbalame yanga. Ndinamulembera, anavomera kundibwezera mapaundi 10, khobidi n'kukhala nalo. Ndiye ndili ndi Siscia ya mapaundi 28 yomwe sindinkaifuna.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti yankho linali pachithunzi chomwecho. Mtengo unkaoneka. Ndikanangotenga Siscia yanga ya mu Febuluwale n'kuiika pambali pa foni, ndikanaona kuti ndi mtengo womwewo, kapangidwe ka masamba komweko. Chaka chonse ndakhala ndikuuza anthu kuti mtengo umanena mzinda, tsiku lofunika ine mwini n'kuthamangira zilembo zosaoneka.

Chotolapo chilipo pang'ono. Pa BSIS masamba ndi 7, pa ΓSIS ndi 5, ndipo kanyumba ka ΓSIS kali ndi mizere yopingasa pamene kenako kali ndi yoimirira yokha. Mtundu wa mtengo ndi wa mzinda, chiwerengero cha masamba ndi cha munthu. Zimenezi m'buku zili pa nambala zoyandikana, ndipo buku silinenapo kanthu za masamba.

19 Okutobala

Tsoka. Ndinatsegula thireyi kuti ndijambule Heraclea, ndinapeza kaufa kobiriwira mowala m'kabowo kake. Pakhosi pa Constans pali kadzenje ngati ka nsonga ya singano, kodzaza ufa womwewo. Ukaukhudza ukuyoyoka. Amati matenda a mkuwa. Mchere wa kloraidi womwe unalowa m'khobidi lili m'nthaka umagona phee zaka mazanamazana, ukakumana ndi chinyontho umadzuka n'kuyamba kudya mkuwa kuchokera m'kati. Ndipo Heraclea ndiyo inali yokongola kuposa onse, khungu lobiriwira losalala ngati lopaka mafuta. Chikomekome cha mkuyu.

Mlandu ndi wanga. Thireyi ndinaliika pa shelefu ya khoma lakunja, khoma lomwe limachita nkhungu chaka chilichonse kukayamba kuzizira.

Zomwe ndachita: ndalichotsa pakati pa anzake. Ndakokota ufa wonse ndi kamtengo mpaka kufika polimba, ndipo kadzenjeko kakula kuwirikiza katatu, poti kunsi kunali kutadyeka kale. Ndaliviika mu sodium sesquicarbonate, yomwe ndapanga posakaniza soda wophikira ndi soda wochapira, 5 g pa madzi a batire 100 ml. Madziwo ndizisintha sabata iliyonse. Bambo wachikulire uja wandichenjeza kuti khungu lokongolalo lisintha mtundu, mwina lichokeratu pena. Ndavomera. Ena onse ndawayang'ana limodzilimodzi, ndawaumitsa mu uvuni pa moto wochepa kwambiri, ndawasamutsira m'bokosi lotseka bwino lokhala ndi timapaketi ta silica gel. Timatumba tapulasitiki tofewa tomwe ogulitsa ena amatumiziramo ndataya tonse, PVC nayo imawononga mkuwa.

16 Novembala

Madzi a Heraclea sabata yoyamba anatuluka obiriwira, yachiwiri pang'ono, yachinayi oyera. Khungu lada, lasanduka lofiirira, mtengo ukuonekabe. Ndipitiriza milungu ina inayi.

Lyon yapezeka kugulu komweko, posinthana. Ndapereka Antioch imodzi, Cyzicus imodzi ndi mapaundi 8. Ndi khobidi lotopa, mfumu yangotsala mthunzi, m'mphepete munabenthuka. Koma PLG ikuwerengeka ndipo mtengo uli wonse. Mizinda 12.

28 Disembala

Kuwerengera kwa chaka. Makobidi a kanyumba 18, mizinda 12 mwa 13. Ndalama zomwe zapita pa makobidi ndi mapaundi 126.50, osawerengera sikelo, bokosi ndi soda. Lamulo la mapaundi 25 ndaliphwanya kamodzi.

Masiku a tchuthiwa ndayamba ntchito yomwe ndinkaizengereza: kujambula mtengo uliwonse ndi pensulo, kukula kuwirikiza kakhumi. Kamera imajambula zonse, dothi ndi zipsera zomwe, pamene pensulo imakukakamiza kusankha kuti mzere uwu ndi wa mmisiri kapena ndi wa nthaka. Ndamaliza 9. Pojambula ma Cyzicus awiri otsala ndaona kuti pa limodzi nthambi yam'munsi imadutsa kuseri kwa denga n'kutulukira mbali inayo, pa linalo imathera padenga. Ndayang'ana m'mphepete mwake ndi nyali yopendekeka. Kamzere kakuda palibe, ikutuluka mu mkuwa, yaperepeseka mofanana ndi masamba. Ndailemba ndi pensulo m'gawo lachiwiri, la dzanja la mmisiri, ndi chizindikiro chofunsa, mpaka nditaiona pa khobidi lina. Kugulu sindinanene.

M'kabowo ka 13 ndaikamo kapepala kolembedwa TES. Ndakweza malire a khobidi limeneli lokha kufika mapaundi 45, mayi a kunyumba avomera, malinga ndipemphe chithunzi chowala cha kunsi kwa mzere ndisanalipire, ndipo iwo achione kaye. Heraclea yatuluka m'madzi dzana, ili pa kasosala pawindo la kukhitchini. Ikhala pamenepo mwezi wathunthu, ndione ngati ufa ubwerenso.